Mlandu suola? Za kufufutitsa dzina mu rejisto kriminali

Lachiwiri lapitali ndinakwera shapa yochoka ku Ulongwe kupita ku Tete, ndipo tisanafike nkomwe pa Mussacama galimoto yonse inali itasanduka bwalo la milandu. Anayambitsa ndi bambo wina wa mpando wakumbuyo amene amadandaula pa foni mokweza, eti anapeza mwayi wa ugwarda pa kampani ina ku Moatize, mafunso onse anayankha bwino, kenako anamuuza kuti abweretse rejisto kriminali. Pepala lija potuluka linatuluka ndi nkhani ya zaka 12 zapitazo, ndewu ya pamowa, mnzake anathyoka mkono, iye anakagwira miyezi 4 ku kadeya. Ntchito inapita kwa wina.

Atangodula foni aliyense anasanduka adivogado. Mnyamata wina anati ayi achimwene musadandaule, zikangokwana zaka 5 zimafufutika zokha. Kobradori anati iye akudziwa munthu amene amakonza zimenezo ukamugwiritsa kangachepe. Mkulu wina wa chipewa anati a Pulezidenti akakhululukira akaidi kumapeto kwa chaka ndiye kuti zonse zatha basi. Mayi amene ndinakhala nawo pampando, thumba la mbatatesi lili pamiyendo, anangoti, "Inu musamunamize mwana wa eni ake, mlandu suola."

Ine ndinangokhala duu poti nanenso zina ndinkazisakaniza. Koma nditafika ndinakhala pansi nkuzilondola bwinobwino, ndipo ndapeza kuti aliyense mu shapa muja anagwira kachidutswa ka zoona, kungoti aliyense amanena za chinthu chosiyana ndi mnzake. Kupatula kobradori, ameneyo tibwererakonso.

Pepalali limachokera kuti?

Dzina lake lonse ndi Certificado de Registo Criminal, ife timangoti rejisto basi. Anzathu a tsidya linalo ku Dedza ndi ku Ntcheu amati police clearance ndipo amakatenga ku polisi, koma kuno kwathu bukuli silisungidwa ndi apolisi, lili mmanja mwa nthambi ya Registos e Notariado ya ku unduna wa zachilungamo. Nchifukwa chake mumapita ku Conservatória nkukadinda zala. Zalazo nzofunika kuposa dzina, paja a Banda ndi a Phiri tilipo ochuluka ngati mchenga wa mu Revúbuè, ena mayina atatu onse ofanana ndi munthu wa mudzi wina, koma mizere ya pachala palibe awiri ofanana.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Khoti likamupeza munthu wolakwa, ndipo chigamulo chija chakhazikika, kutanthauza kuti nthawi yochita apilo yadutsa kapena apiloyo yakanika, a ku khoti amatumiza uthenga ku likulu la rejisto kuti uje mwana wa uje, mlandu wakuti, chilango chakuti, tsiku lakuti. Zikalowa zalowa. Taganizirani buku la ngongole pa baraka ya mmudzi. Mukatenga sopo ndi mafuta mwini baraka amalemba mzere. Mukadzalipira sang'amba tsambalo ayi, amangolemba pambali kuti walipira, ndipo aliyense wotsegula bukulo aona kuti munakongolapo. Kumaliza chilango ku kadeya ndiye kulipira kuja. Mzere umakhalabe. Apa mpamene bambo wa mu shapa uja anapunthwa, iye mumtima mwake nkhani inatha tsiku lomwe anatuluka pa geti la ndende.

Koma si chilichonse chimene chinakuchitikirani ndi apolisi chili mlandu wopezeka nawo wolakwa. Kugona usiku umodzi pa eskwadra kenako nkukutulutsani mmawa achibale atagwirizana, popanda kukaima pamaso pa woweruza, si kuweruzidwa. Malamulo aakulu a dziko lino, Constituição ya 2004, pa ndime 59 amanena kuti munthu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula komaliza. Apolisi akhoza kukhala ndi zolemba zawo za mu ofesi, koma limenelo ndi buku lina. Chimodzimodzinso milandu yomwe inathera kwa anyakwawa kapena ku tribunal comunitário, makhoti a mmadera aja amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amenewo sapereka chilango cha ndende, ntchito yawo ndi kuyanjanitsa anthu. Mbuzi yomwe munalipira kwa amfumu chifukwa ng'ombe zanu zinadya chimanga cha eni ake simukaipeza pa pepala la ku Conservatória.

Amene amafuna pepalali ndi ambiri: boma mukamalowa ntchito ya uphunzitsi, unamwino kapena upolisi, makampani a migodi ndi a ulonda, a kazembe a mayiko ena mukamapempha chilolezo chokakhala kwawo, ngakhale ofuna kuimira pa chisankho. Ndipo silikhalitsa, amafuna latsopano nthawi zonse, la chaka chatha sakulandirani.

Nanga kufufuta kwake nkutani?

Mawu amene mumakumana nawo pa intaneti akuti expungement ndi a Chingerezi, amamveka kwambiri ku America ndi ku South Africa. Tanthauzo lake ndi kuchotsa mlandu wakale mu rejisto motsata lamulo, kuti mukadzapempha pepala lituluke loyera, lolembedwa mawu awiri aja amene aliyense amawalakalaka, nada consta, palibe cholembedwa. Ku mayiko olankhula Chipwitikizi amati cancelamento do registo, kapena reabilitação, kubwezeretsa munthu pamalo pake.

Kungoti kufufuta kuli mitundumitundu. Kwina amang'ambiratu tsamba la buku lija. Kwina amangolimata, ku America amati sealing, bwana wa kampani sangaone koma woweruza kapena wapolisi wofufuza mlandu wina akhoza kumatula. Ku Britain lamulo lawo la 1974 linasankha njira ina, mzere umakhalapo ndithu koma pakapita nthawi yoikika mlanduwo amauyesa wakutha ntchito, ndipo pa ntchito zambiri munthu saumirizidwa kuutchula. Koma akafuna ntchito yosamalira ana umaonekanso.

Mnyamata wa zaka 5 uja sanangolota ayi. Ku Portugal lamulo lawo la 2015 limati mlandu umachoka wokha mu rejisto pakapita zaka 5 ngati chilango chinali chochepera zaka 5, zaka 7 ngati chinali pakati pa 5 ndi 8, zaka 10 ngati chinapitirira 8. Koma onani pamene anthu amaphonya: kuwerenga kumayamba tsiku lomwe chilango chatha, osati tsiku lomwe munapalamula, ndipo mukangopezekanso ndi mlandu wina pakatipo zasokonekera. Milandu yogwirira ana imakhala nthawi yaitali kuposa pamenepa. Ndipo limeneli ndi lamulo la ku Lisboa, dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake, musatenge za ku Portugal nkukakangana nazo pa kauntala ku Ulongwe.

Mawu amene timawaphatikiza ngati ndiwo za pa maliro

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa chisokonezo chonse chimachokera pano. Ife pa Chichewa timangoti "anamukhululukira" kapena "anamutulutsa", koma ku malamulo kuli zinthu zingapo zosiyana kwambiri ndipo chilichonse chimachita zake pa buku lija.

Choyamba ndi indulto. Iyi ndi mphamvu ya Pulezidenti, Constituição imamulola kukhululukira chilango kapena kuchichepetsa. Ndi ija timamva pa wailesi chakumapeto kwa chaka kuti akaidi angapo atulutsidwa, kawirikawiri okalamba, odwala kwambiri kapena amene asonyeza khalidwe labwino atagwira kale gawo lalikulu la chilango. Indulto imakhudza chilango chokha. Ili ngati mwini baraka wakuuzani kuti zotsalazo musalipire, pitani. Koma sakunena kuti simunakongole. Khoti linakupezani wolakwa ndipo zimenezo sizisintha, ndiye mkulu wa chipewa uja analondola theka lokha, munthu amatulukadi koma mzere umatsala.

Pafupi ndi imeneyi pali liberdade condicional, kumasulidwa nthawi isanakwane koma ndi malamulo oti uzitsatira kunja kuno. Imeneyi nkosakhululukira komwe, chilango chikupitirira, kungoti ukuchimalizira kunyumba. Ukaphwanya malamulo aja umabwerera.

Chachiwiri ndi amnistia, ndipo iyi ndi yolemera kuposa indulto. Siperekedwa ndi Pulezidenti yekha, imadutsa ku nyumba ya malamulo, Assembleia da República, ngati lamulo, ndipo sitchula munthu ndi dzina, imatchula mtundu wa milandu ndi nyengo yake. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, tanthauzo lake kuiwala. Boma limati pa milandu yakutiyakuti yochitika nthawi yakuti, tichite ngati taiwala, amene mlandu wake uli mkati uimitsidwe, amene anaweruzidwa kale chilango ndi zotsatira zake zithe. Ife a ku Tete izi tikuzidziwa bwino. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mwezi womwewo kunatuluka lamulo la amnistia pa zochitika za nkhondo ya zaka 16 ija, nthawi yomwe makolo athu ambiri anali mmisasa ya othawa kwawo ku Malawi. Kunabweranso ina mu 2014 ndi ina mu 2019 pa mikangano ya boma ndi Renamo. Ndipo mu Epulo 2020, matenda a Covid-19 atafika, Assembleia inavomereza lamulo la amnistia ndi kukhululuka pa milandu ing'onoing'ono ya chilango chosapitirira chaka chimodzi pofuna kuchepetsa kuthithikana mu ndende, anthu oposa 5,000 anapindula nalo. Milandu ikuluikulu sinali mgululi.

Chinthu chimodzi chokha pa amnistia, boma limaiwala mbali yake yokha. Ngati khoti linagamula kuti mulipire munthu amene munamuvulaza kapena kumubera, ngongole imeneyo ndi ya mwini wake, boma silingamukhululukirire.

Chachitatu ndi prescrição, kutha kwa mlandu chifukwa cha nthawi. Apa mpamene mwambi wa amayi aja umatsutsana ndi mabuku a malamulo. Kwathu timati mlandu suola, ndipo nzoona, mdzukulu akhoza kukumbutsidwa za malire a munda amene agogo ake anasuntha. Koma ku khoti la boma mlandu umaola ndithu. Boma likakhala zaka zochuluka osamuzenga munthu, kapena osamugwiritsa chilango chomwe anagamulidwa, nthawi imakwana yoti silingathenso kutero, ndipo mlandu ukakula nthawi yakenso imatalika. Koma prescrição imayankha funso lakuti kodi angandigwirebe, siyankha lakuti kodi pepala langa layera.

Chachinayi ndiye reabilitação, chimene bambo wa mu shapa uja amafunikira. Malamulo a milandu amene tinatengera kwa Apwitikizi, buku la 1886 lomwe linagwira ntchito kuno mpaka kulowedwa mmalo ndi la 2014, ankasiyanitsa njira ziwiri. Ina ndi yobwera yokha pakapita nthawi munthu osapalamulanso. Ina ndi yopempha kwa woweruza, munthu nkusonyeza kuti chilango anamaliza, wakhala bwino ndi anthu, ndipo amene anamulakwira anamulipira kapena nkhani ya malipiro inatha mwanjira ina. Kenako mu Disembala 2019 kunatuluka mabuku atatu atsopano, Código Penal, Código de Processo Penal ndi Código de Execução das Penas, omwe anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2020. Ndiye mlandu wa zaka 12 zapitazo wadutsa mmabuku atatu osiyana, la atsamunda, la 2014 ndi la panopa, nchifukwa chake kuwerengera kwake kumafuna munthu wa malamulo atagwira chigamulo chanu mmanja, osati kungomva za mu shapa.

Palinso njira ina yosiyana ndi zonsezi, ya munthu amene sanalakwe nkomwe. Kukapezeka umboni watsopano, chigamulo chikhoza kuunikidwanso, amati revisão. Kumeneko si kukhululuka, ndi kukonza cholakwika cha khoti.

Amene munapalamula ku Joni

Mudzi uliwonse wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga uli ndi ana ake ku Joni, ndiye gawo ili likukhudza ambiri. Mfundo yoyamba: mlandu umakhala mbuku la dziko lomwe munaweruzidwa. Ngati khoti la ku Johannesburg kapena ku Rustenburg ndi lomwe linagamula, mzere wanu uli ku Criminal Record Centre ya apolisi a ku South Africa ku Pretoria, ndipo palibe ofesi ya ku Tete kapena ku Maputo yomwe ingaufufute.

Ubwino wake kumeneko njira yake ndi yolembedwa poyera. Lamulo lawo la Criminal Procedure Act la 1977, pa ndime 271B yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009, limalola munthu kupempha kuti mlandu ufufutidwe pakadutsa zaka 10 kuchokera tsiku lomwe anapezeka wolakwa, bola mzaka 10 zimenezo sanaweruzidwenso kukakhala kundende kopanda mwayi wolipira chindapusa. Koma si mlandu uliwonse, amayang'ana chilango chomwe munapatsidwa. Ngati chinali chindapusa chosapitirira R20,000, kapena ndende yokhala ndi mwayi wolipira chindapusa chosapitirira ndalama yomweyo, kapena chilango choimikidwa chonse, kapena kungodzudzulidwa nkumasulidwa, kapena kugwira chilango uli kunyumba moyang'aniridwa, mukhoza kupempha. Ngati anakutumizani kundende mwachindunji popanda mwayi wa chindapusa, njira iyi yatsekeka. Amene mayina awo ali mu kaundula wa ogwirira kapena wa ozunza ana ayenera kuyamba achotsedwa mmenemo.

Kapemphedwe kake, mumayamba mwatenga police clearance ya ku South Africa yosonyeza mlanduwo ndi kuti zaka 10 zadutsadi, nkudzaza fomu yotchedwa J744, nkutumiza kwa Director-General wa dipatimenti ya zachilungamo ku Pretoria. Pempholo ndi laulere, chomwe mumalipira ndi police clearance yokha. Akavomera amalemba chikalata nkuchitumiza okha kwa apolisi kuti afufute. Zimatenga miyezi, musayembekezere za sabata imodzi. Kuli makampani amene amalipiritsa kuti akuyendetsereni mapepalawa, ndi ufulu wanu kuwagwiritsa ntchito, koma dziwani kuti fomu ndi yomweyo, ofesi ndi yomweyo, ndipo sangachepetse zaka 10 zija ngakhale ndi tsiku limodzi.

Msampha womwe wakola abale athu ambiri ndi ichi amati admission of guilt fine, chindapusa chovomera kulakwa. Wapolisi amakuuza kuti ingosaina apa ulipire kandalama kochepa uzipita kunyumba, iwe poopa kugona mu selo Lachisanu mpaka Lolemba umasaina mwachangu. Kusaina kumeneko nthawi zambiri kumawerengedwa ngati khoti lakupeza wolakwa, ndipo mzere umalowa mbuku. Anthu amadzadziwa patapita zaka akufuna ntchito ya udalaivala.

Ndipo musasakanize izi ndi za pa bodala. Amene anapitirira masiku a pa pasipoti amadindidwa kuti ndi wosafunika mdzikomo, chaka chimodzi ngati anapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati anaposa pamenepo. Amene anadutsira ku Lindela, malo osungirako obwera opanda mapepala, nkubwezedwa kwawo alinso ndi chiletso chawo. Zimenezi zili mbuku la Home Affairs, dipatimenti yoona za olowa ndi otuluka mdzikomo, ndipo kufufutitsa mlandu ku unduna wa zachilungamo sikuchotsa chidindo chimenecho, nkhani yake imapemphedwa payokha.

Nchifukwa chiyani boma lingavomere kuiwala?

Funso ili ndi lovuta ndipo anthu anzeru zawo amasiyana maganizo.

Oikira kumbuyo kufufuta amati chilango chiyenera kukhala ndi malire. Woweruza akati miyezi 4 ndiye kuti miyezi 4, osati miyezi 4 kuphatikizapo moyo wonse wosapeza ntchito. Amatha kuloza Constituição yathu yomwe pa ndime 61, imene imaletsa chilango cha moyo wonse kapena chopanda mapeto, ndipo imanenanso kuti chilango pachokha sichimulanda munthu ufulu wake wa ntchito kapena wa ndale, kupatula zomwe chigamulocho chikufuna. Amatinso munthu wotsekeredwa zitseko zonse za ntchito yolembedwa amabwerera komwe anachokera, ndipo amene amavutika ndi ana ake omwe sanalakwe kanthu. Ku Michigan ku America akatswiri awiri a zamalamulo, J.J. Prescott ndi Sonja Starr, anatsata anthu amene milandu yawo inafufutidwa ndipo mu 2020 anafalitsa zomwe anapeza: malipiro a anthuwo anakwera ndi 22 peresenti ndi kupitirira mchaka chimodzi, ndipo ochepa kwambiri ndi amene anapalamulanso. Koma chomwe chinandidabwitsa ine ndi china, mwa anthu onse oyenera kupempha, 6.5 peresenti yokha ndi amene anafufutitsa mzaka 5 zoyambirira. Enawo sankadziwa, kapena mapepala anawalemera. Ngati zili choncho ku America komwe khoti lili pafupi, kuli bwanji munthu wa ku Chifunde? Chifukwa cha vuto lomweli Pennsylvania mu 2018 inakhazikitsa lamulo loti kompyuta izimata yokha milandu ing'onoing'ono yakale popanda munthu kupempha.

Okayikira nawonso ali ndi mfundo zosati nkuzinyoza. Mwini sitolo amene akufuna munthu wosunga ndalama amati ndili ndi ufulu wodziwa ngati anabapo kwa bwana wake wakale. Kholo limati mphunzitsi wa mwana wanga kapena woyendetsa shapa yonyamula ana a sukulu ndimudziwe mbiri yake yonse. Wovulazidwa uja amati mkono wanga umawawabe kukazizira, inu mukuti palibe chinachitika? Ena amatinso pa kafukufuku wa ku Michigan uja, anthu amene amalimbikira mpaka kufufutitsa ndi omwe anali atasintha kale, ndiye sitinganene kuti pepala loyera ndilo linawasintha. Ndipo pa amnistia ya zochitika za nkhondo mkangano umakula kwambiri, ena amati popanda kuiwala mtendere sukanabwera, ena amati ofedwa sanafunsidwe.

Mukayang'ana malamulo a mayiko amene ndatchulawa muona kuti onse akuyesa kuima pakati. Amadikiritsa zaka, amasiya milandu ikuluikulu kunja, amasunga kachitseko koti woweruza kapena olemba ntchito ya ana aziona, ndipo amafuna munthu asapalamulenso. Kusiyana kwake ndi pamene aliyense waika malire.

Zomwe chofufutira sichifika

Pepala likhoza kuyera koma mudzi suiwala, apa amayi a mbatatesi aja sangatsutsike. Komanso masiku ano kuli Facebook ndi WhatsApp, chithunzi chija anakujambulani mutakhala pansi pa eskwadra katundu ali patsogolo chimazungulirabe, ndipo khoti lofufuta rejisto silifufuta mafoni a anthu. Ku Ulaya khoti lawo lalikulu mu 2014 linagamula kuti munthu akhoza kupempha Google kuchotsa zina zakale pa zotsatira za dzina lake, koma limenelo ndi lamulo la kumeneko.

Mafomu a viza a mayiko ena amafunsa kuti kodi munapezekapo wolakwa chiyambire, ndipo ena mwa iwo salabadira kuti kwanu anafufuta. Pamenepo kunama nkoopsa kuposa mlandu wakalewo.

Tsopano kobradori uja. Pepala lokonzedwa pakona ndi chinyengo cha zikalata, ndi mlandu pawokha, ndipo kupereka kangachepe kwa wogwira ntchito mboma ndi mlandu winanso, woperekayo ndi wolandirayo onse. Mzere weniweni uja umakhala ulipobe ku likulu, tsiku lomwe kampani idzafune kutsimikiza mudzapezeka ndi milandu iwiri, wakale wa miyezi 4 ndi watsopano wolemera kuposa woyambawo.

Poyambira

Musadikire kuti kampani ikufunseni. Pitani nokha ndi chiphaso chanu cha BI mukapemphe rejisto muone chomwe chalembedwa, anthu ambiri amaopa mthunzi, ena amapeza nada consta pomwe akhala zaka akuthawa ntchito za boma chifukwa cha usiku umodzi wa pa eskwadra. Mukapeza mzere, uwerengeni bwino: khoti liti, nambala ya mlandu, chaka, chilango. Ngati si inu, kapena chilango chalembedwa molakwika, imeneyo ndi nkhani yokonza cholakwika ndipo zala zanu ndi mboni.

Ngati ndi inu ndithu, bwererani ku khoti lomwe linakuweruzani, kaya ndi la distrito kaya la provinsiya ku Tete, mukapemphe kope ya chigamulo, amati certidão da sentença, pamodzi ndi chosonyeza kuti chilango chinatha. Kapepala kotulukira ku kadeya, risiti ya multa, umboni woti munamulipira wovulazidwa uja, zonsezi ndi chuma, amene mukutuluka panopa musakulungire fodya. Mukatero pitani nazo ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa malamulo anthu osakwanitsa kulipira adivogado, limapezeka ku Tete ndi mmaboma aang'ono. Afunseni mafunso awiri: kodi mlandu wangawu unagwa mu amnistia ina iliyonse, ndipo ngati ayi, nthawi yopempha reabilitação yakwana? Kalata yochokera kwa sekeretale wa bairo kapena kwa anyakwawa yonena za khalidwe lanu mzaka zapitazi ikhoza kuthandiza posonyeza kuti mwakhala bwino ndi anthu.

Bambo uja anatsikira pa Moatize, anati akukatenga mapepala ake ku kampani ija asanawataye. Potsika mnyamata wa zaka 5 uja anamufunsa ngati chigamulo chake akadali nacho, iye anaseka nkunena kuti chinanyowa ndi mvula chaka chomwecho, nyumba yake inali ikudontha. Kobradori anamenya chitseko, shapa nkunyamuka kulowera ku mlatho.